Nsima ya pakhoma sikhutitsa, koma imayankhula

Mukamayenda pa msewu wochokera ku Luchenza, kudutsa pa Chonde ndi pa Chitakale mpaka kukafika ku Limbuli ndi kuchipata cha Muloza, tayesani tsiku lina kuwerenga mbale za chakudya zimene zajambulidwa pa makoma a malesitilanti ndi matiyirumu. Mudzatopa musanafike pa boma. Apa mitanda itatu ya nsima yoyera mbee, nthunzi ili tolotolo. Apo chambo chathunthu chitagona m'mbale, diso lili tong'o. Uko kapu ya tiyi ndi sikono pambali pake. Pa butchala pali ntchafu ya mbuzi yopachika pa ngowe. Ojambula ake ambiri sitiwadziwa maina. Amabwera ndi tizitini ta penti wa mafuta, amagwirizana mtengo ndi mwini malo, ndipo dzuwa likamapendeka ntchito yatha.

Zithunzi zonsezi zimafanana pa chinthu chimodzi: mulibe munthu. Palibe wophika, palibe wakudya, palibe ngakhale dzanja lotema nsima. Chakudya chili chokha, ngati wina wachiika n'kutuluka panja. Zithunzi za mtundu umenewu zili ndi mbiri yaitali kunja kuno. Achingerezi amazitcha still life, mawu amene adawatenga kwa anthu a ku Netherlands omwe amati stilleven, kutanthauza zinthu zimene zangoti zii, osagwedezeka. Afalansa sabisa mawu, iwo amati nature morte, chilengedwe chakufa. Ife tilibe dzina lenileni, ndipo sindikuona chifukwa chothamangira kupeka dzina. Choyamba n'kudziwa kuziwerenga.

Aigupto akale ankajambula mikate, nsomba, mbalame ndi nkhuyu pa makoma a manda pokhulupirira kuti womwalirayo azidya kumene wapita. Mu mzinda wa Pompeii, umene udakwiririka ndi phulusa la phiri la Vesuvius m'chaka cha 79, ofukula zakale adapeza zithunzi za zipatso, mazira ndi nsomba pa makoma a nyumba za anthu. Komabe kwa nthawi yaitali akatswiri a luso ku Ulaya ankazinyoza zithunzi zotere. M'zaka za m'ma 1660 akuluakulu a zojambula ku France adasanja mitundu ya zithunzi potsata ulemu wake: pamwamba nkhani za m'Baibulo ndi za mbiri, kenako nkhope za anthu, ndipo pansi penipeni zipatso ndi miphika. Ankati kujambula kabichi ndi ntchito ya manja chabe, sikufuna mutu.

Adalakwitsa, ndipo umboni udalipo kale iwo asanayankhule. Cha m'ma 1599 mnyamata wina wa ku Italy, Michelangelo Merisi, wodziwika ndi dzina la tawuni ya makolo ake loti Caravaggio, adajambula dengu la zipatso limene lero likusungidwa ku Pinacoteca Ambrosiana mu mzinda wa Milan. Mukaliona patali mumati ndi dengu la mwana alirenji: maapozi, mphesa zoyera ndi zakuda, nkhuyu, pichesi. Mukasendera pafupi mumapeza kuti apozi amene ali kutsogolo ali ndi bowo la mbozi. Masamba ena ngobiriwira, ena adyedwa ndi tizilombo, ena afota n'kupindika. Dengu lenilenilo lakhala m'mphepete mwenimweni mwa thabwa, mbali ina yatulukira kunja, moti woona mtima umakhala m'mwamba kuti mwina ligwa.

Mayi aliyense wogulitsa tomato pa msika wa Limbuli angachimve chithunzichi msanga kuposa munthu wa madigiri. Iye amadziwa kuti tomato wofiira kwambiri pa mulu ndi amene mawa adzakhala wophwanyika, ndipo n'chifukwa chake amamuika pamwamba kuti apite lero. Kupsa ndi kuwola ndi msewu umodzi. Caravaggio akadafuna akadasankha zipatso zosalala zokhazokha, koma adaika chipatso chabwino ndi chowonongeka m'dengu limodzi, choncho chimene tikuona si zipatso zokha ayi, tikuonanso masiku akudutsa. Ena amati ankanena za moyo wa munthu, ena amati za mpingo wa nthawi imeneyo, popeza chithunzichi chidali m'manja mwa Kadinala Federico Borromeo. Anthu a ku Italy adachikonda kotero kuti adachisindikiza kumbuyo kwa ndalama yawo ya pepala ya 100,000 lire. Taganizani, dziko kuika apozi wa mbozi pa ndalama yake.

Kumene luso limeneli lidakhwimira ndi ku Netherlands m'zaka za m'ma 1600. Dzikoli lidalemera ndi malonda a panyanja. Kampani yawo ya VOC, imene idakhazikitsidwa mu 1602, inkabweretsa tsabola ndi zonunkhiritsa zina kuchokera ku Asia, pamodzi ndi mbale zosalala za ku China. Matchalitchi awo otsata chiphunzitso cha Calvin sankafuna zithunzi m'kati, choncho ojambula adatembenukira kwa amalonda amene ankafuna chopachika m'nyumba. Mu mzinda wa Haarlem mudali amisiri awiri, Pieter Claesz ndi Willem Claesz Heda, amene ankajambula matebulo a chakudya. Chithunzi cha Heda cha 1635, chimene chili ku Rijksmuseum mu Amsterdam, chikuonetsa tebulo loyalidwa nsalu yoyera yokwinyika. Pali nkhono za m'nyanja zotsegula, buledi, tsabola m'kapepala kopinda, chikho chagolide chitaima, china chasiliva chitagwa cham'mbali, ndi ndimu losenda theka, khungu lake likulendewera ngati chingwe.

Funso limene tebuloli limakufunsani ndi lakuti: wadya pano ali kuti? Sadamalize. Wasenda ndimu n'kulisiya panjira, chikho chagwa ndipo palibe wachidzutsa. Mwina waitanidwa pakhomo, mwina waitanidwa kumene munthu sabwerako. Heda sakukuuzani. Mitundu yake ngozizira, yotuwa ndi yobiriwira pang'ono, ndipo ngakhale tebulo ladzaza ndi chuma, chithunzicho chilibe chisangalalo. Chili ndi bata la nyumba imene alendo angochokamo kumene. Claesz nthawi zina ankanena poyera: m'chithunzi chake cha 1630 chimene chili ku Mauritshuis mu mzinda wa The Hague muli chigaza cha munthu, wotchi, galasi logwa ndi nyale yozima. Zithunzi zotere ankazitcha vanitas, mawu a Chilatini onena za zinthu zachabechabe, ochokera m'buku la Mlaliki. Chodabwitsa n'chakuti wogula chithunzi chodzudzula chuma adali munthu wachuma yemweyo. Ankachipachika pabalaza, n'kumamva kukoma kuwiri: anzake aone kuti ali nazo, ndiponso aone kuti ndi woopa Mulungu.

Pano ndichenjezepo. Pali mabuku amene amasandutsa zithunzi zimenezi kukhala ngati mayeso ofananitsa mayankho: ndimu ndi moyo wokongola kunja koma wowawasa m'kati, buledi ndi mphesa ndi Mgonero wa Ambuye, ntchentche ndi tchimo. Zina mwa izi n'zoona, chifukwa anthu a nthawi imeneyo ankaganizadi motero. Koma akatswiri a mbiri ya luso amatsutsana mpaka lero za kutalika kwa kumene tingafike nako kumasulira kotere. Nthawi zina ndimu losenda lidali njira yoti wojambula aonetse kuti amatha: khungu lokhakhala, m'kati moyera, madzi onyezimira, zonse pa chipatso chimodzi. Ndipo chizindikiro sichiwoloka nyanja chili momwemo. Ku Haarlem ndimu lidali lodula chifukwa linkachokera kumaiko ofunda a kumwera. Kuno mandimu amagwa okha n'kuwolera pansi pa mtengo, ana akuponyerana.

Nkhani ya chinanazi ndiyo imandiseketsa. Chipatsochi kwawo ndi ku South America, ndipo chitafika ku Ulaya chidasanduka chizindikiro cha ufumu ndi chuma, popeza kuchilima m'dziko lozizira kunkafuna nyumba yofunditsidwa ndi moto kwa zaka. Pali chithunzi cha m'zaka za m'ma 1670 choonetsa Mfumu Charles II ya ku England ikulandira chinanazi chimodzi kuchokera kwa munthu wogwada. Chimodzi chokha! Bwerani ku Mulanje mu Disembala kapena Januwale muone milu ya zinanazi m'mbali mwa msewu, alimi akuthamangira minibasi iliyonse imene yaima. Wojambula wa kuno atajambula mulu wa zinanazi madzulo, zina zitayamba kufewa, mavu akuzungulira, sangakhale akunena za ufumu. Angakhale akunena za mlimi amene wakolola zambiri koma alibe kogulitsa, ndipo aliyense wa kuno angamve popanda womasulira.

Chimene chimapatsa chithunzi mzimu wake kawirikawiri si chakudyacho, koma kuwala. Ku Spain kudali Juan Sánchez Cotán amene cha m'ma 1602 adajambula zinthu zinayi zokha pa windo la chipinda chosungiramo zakudya: chipatso china cha kwawo ndi kabichi zitapachikidwa pa zingwe, vwende lodula ndi nkhaka zili pansi. Kumbuyo kuli mdima wa ndiweyani. Kuwala kukuchokera mbali imodzi, kwakuthwa, moti mitsempha yonse ya tsamba la kabichi ikuoneka. Zinthuzo zasanjika motsetsereka ngati uta. Palibe golide, palibe nsalu, koma mukachiyang'ana mumatsitsa mawu ngati mwalowa m'tchalitchi. Mu 1603 Cotán adasiya zonse n'kukalowa m'gulu la amonke a Carthusian, amene amakhala moyo wachete. Chithunzicho lero chili ku San Diego, ku America.

Kupachika zakudya pa zingwe kudali njira yoti zisawole msanga, ndipo apa ndi pamene Cotán amandikumbutsa khitchini ya kumudzi. Yang'anani kutsindwi, pamwamba pa mafuwa. Pali ngala zingapo za chimanga cha mbewu zomangidwa ndi makoko ake, zakuda bii ndi mwaye kuti anankafumbwe asalowe. M'mawa kuwala kukalowera pa mng'alu wa chitseko n'kugunda ngala zimenezo utsi uli m'kati, chithunzi chapsa kale, chikungosowa wochijambula. Ndipo tanthauzo lake ndi lolemera kuposa kabichi wa ku Spain. Chimenechi ndi chimanga chimene banja silidya ngakhale njala itavuta bwanji. Tsiku limene chingwe chija chidzalendewere chopanda kanthu mvula isanagwe, dziwani kuti pakhomopo zinthu zafika posauzana.

Kwa ife a ku Mulanje pali chithunzi chimodzi chimene chiyenera kutikhudza mwapadera. Jean-Étienne Liotard, wa ku Geneva, atakalamba cha m'ma 1781 mpaka 1783, adajambula thireyi ya tiyi. Pali tiipoti, makapu okongoletsedwa ndi zithunzi za Chitchaina, mbale ya shuga ndi chopanira chake, masupuni ali balala, ndi zidutswa za buledi wopaka batala zimene anthu atsala. Kapu ina yavundikirika, ina yapendekeka. Chithunzichi chili ku Getty Museum mu Los Angeles. N'chopepuka, chowala, chosangalatsa. Mumachita ngati mukumva kuseka kwa alendo amene angodzuka kumene. Chimene sichikuonetsa ndi kumene zinthuzo zachokera. Tiyi wa nthawi imeneyo ankachokera ku China. Shuga ankachokera kwambiri ku zilumba za Caribbean, kumene ankalimidwa ndi akapolo ogwidwa ku Africa. Pa thireyi palibe dontho la thukuta.

Patapita zaka zoposa 100, tiyi adafika kuno. Mbewu zoyamba zidayesedwa ku mishoni ya Blantyre, ndipo chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1890 Henry Brown, amene adalimapo khofi ku Ceylon, adadzala tiyi m'munsi mwa phiri lathuli. Amene adagwira ntchito yaikulu m'minda imeneyi ambiri adali Alhomwe ochokera ku Mozambique, amene adapeza malo okhala m'maesiteti posinthana ndi thangata. Lero tiyi wathu amagulitsidwa pa okushoni ku Limbe ndipo wochuluka amapita kunja, makamaka ku Britain ndi ku South Africa. Kutanthauza kuti kapu ya tiyi pa chithunzi ili ndi nkhope ziwiri. Munthu wa ku London akaiona amaganiza za mpumulo wa madzulo. Munthu wa ku Mulanje akaiona angathe kuona dengu la kumsana, mame a m'mamawa, pulasitiki yomanga m'chiuno, ndi mzere wa pa sikelo. Ndimalakalaka nditaona wojambula wa kuno atajambula kapu ya pulasitiki ya tiyi wopanda mkaka, chidutswa cha chinangwa chophika pambali pake, zonse zili pa dengu lothyolera tiyi lovundikira. Liotard adabisa manja mosadziwa, chifukwa sadawaonepo. Wathuyu angasiye munthu kunja kwa chithunzi mwadala, koma tonse n'kumuona.

Si onse ojambula a ku Ulaya amene adajambula matebulo a anthu olemera. Pakati pa 1808 ndi 1812, nkhondo ya asilikali a Napoleon ili m'kati ku Spain ndipo njala itagwa mu Madrid, Francisco Goya adajambula nsomba zakufa zitaunjikana m'mbali mwa nyanja usiku, maso ali tong'o. Ambiri amene amaziona amakumbukira mitembo ya anthu imene Goya yemweyo adajambula pofotokoza nkhondoyo. Mu 1885 Vincent van Gogh, ali ku Nuenen, adajambula madengu a mbatatesi ndi penti wa mtundu wa dothi, zakuda, zosatsuka. Sadafune kuzikongoletsa. Ankafuna kuti woona amve kulemera kwa khasu.

Ndiye ife zizindikiro zathu ndi ziti? Tili nazo zambiri, kungoti timazidya osazijambula. Mbale yovindikira ndi inzake pakona pa mkeka ndi ya munthu amene sadafike: mwana wochedwa kusukulu, bambo amene adapita ku ganyu ku Milange. Ikakhala pomwepo mpaka m'mawa, n'kusanduka mkute, nkhani yasintha. Nthutumba ya nkhuku m'mbale imakuuzani kuti pakhomo pali mlendo wolemekezeka, kapena kuti mbaleyo ndi ya mwini nyumba. Tambala ndi msoti pamodzi ndi chinkhoswe. Mtundu wa nsima wokha umanena za thumba la banja ndi mwezi wa pa chaka: yoyera ya ufa wonyika, yoderako ya mgaiwa, yofiirira ya gaga. Kathumba ka ufa kaja timakatcha wokumani, kataikidwa pafupi ndi lichero lopanda kanthu, sikafuna mawu ena. Nanga mchere? Ku Netherlands ankauika m'chotengera chasiliva posonyeza ulemu wake. Kwathu kuno kambale ka mchere pafupi ndi mphika kamakumbutsa akuluakulu za mdulo, za amene ayenera kuthira ndi amene sayenera. Ufa wothiridwa pansi pa mtengo ndi nsembe. Mlendo angaone ufa wotayika, ife tingaone anthu akupempha mvula.

Boma ndi andale adazindikira kalekale mphamvu ya chithunzi cha chakudya. Shilingi ya 1964 idali ndi ngala za chimanga zomangidwa pamodzi, ndipo chithunzi chomwecho chidapitirira pa 10 tambala ndalama ya kwacha itabwera mu 1971. Kumbuyo kwa K1,000 kuli nkhokwe za chimanga za ku Mzuzu. Chipani cha DPP chizindikiro chake ndi chimanga. Zonsezi ndi zithunzi za lonjezo, ndipo chimanga chake chimakhala chodzaza mpaka kunsonga, chopanda kapuchi kapena mbozi ya ntchemberezandonda. Apozi wa Caravaggio sakadaloledwa.

Koma chithunzi chachikulu cha chakudya chopanda mwini chili m'nkhani za phiri lathu. Aliyense wokulira m'munsi mwa Mulanje adamvapo akuluakulu akunena kuti ukamayenda kumtunda, kufupi ndi Sapitwa, ungathe kupeza nthochi zakupsa kapena nsima yotentha itaikidwa bwinobwino, popanda munthu pafupi. Lamulo lake n'lakuti udye wekha mwakachetechete, osafunsa waphika ndani, osaitana anzako. Kaya mumakhulupirira za mizimu kaya ayi, taonani mmene nkhaniyi idapangidwira. Chakudya n'chabwino, chokonzeka, chokopa, koma chimene chimaimitsa tsitsi ndi kusowa kwa wophika. Ndi mantha omwe aja a pa tebulo la Heda, kungoti akwathu adawaika m'mawu pamene Heda adawaika mu penti. Anthu amene ali ndi nthano yotere sangalephere kumva chithunzi cha mbale ili yokha.

Vuto la zithunzi za pa makoma athu si luso ayi. Ena mwa anyamata amenewa amatha kujambula mamba a chambo moti mumafuna kukhudza. Vuto n'lakuti amalipidwa kuti ajambule mzimu umodzi wokha, wa kukhuta. Mwini lesitilanti sangalipire chithunzi cha mbale yatheka. Choncho pakhoma pamakhala chambo chachikulu, m'kati mukapeza usipa ndi nyemba, ndipo palibe amene amadandaula chifukwa tonse timadziwa kuti khoma limanena zimene tikadakonda. Tsopano nawonso ntchito ikuwathera. Masiku ano eni malo ambiri akusindikiza zikwangwani za pulasitiki m'tawuni, zithunzi zake zotengedwa pa intaneti: mabaga, pitsa, tchipisi chonyezimira, zakudya zimene malowo sadaphikepo. Wojambula pamanja ankayang'ana nsima yeniyeni ya kwathu, ya mitanda yoomoledwa ndi chipande. Makina amangotenga chimene apeza. Pabalaza pathu ndi chimodzimodzi: kalendala ya dengu la maapozi ndi mphesa, ndi zipatso za pulasitiki m'kabati.

Zotsatira zake ndimaziona kusukulu. Uzani ana a Fomu 1 kuti ajambule chipatso chilichonse, ambiri adzajambula apozi wozungulira wokhala ndi katsamba kamodzi, wofanana ndi wa m'buku la A for apple. Ena mwa iwo apozi sadamulawepo. Pa njira yobwera kusukulu adutsa mapeyala, magwafa, mapapaya ndi masuku, koma m'mutu mwawo zimenezo si zinthu zoyenera kujambulidwa. Mukawaikira chinangwa chenicheni patebulo, choyamba amaseka. Akayamba kuyang'ana, phokoso limatha, chifukwa chinangwa n'chovuta: khungu lokwinyika, dothi m'ming'alu, poduka poyera pamene payamba kuda. Maphunziro a zaluso alipo pa silabasi, koma m'sukulu zambiri za kumidzi mulibe penti kapena pepala loyenera, ndipo mphunzitsi amene adaphunzira zimenezi ngosowa. Komatu makala alipo, ndipo dothi lofiira, loyera ndi lakuda limene amayi amakongoletsera makoma a nyumba ndi penti amene adalipo sitolo zisanabwere.

Pali chifukwa china chimene nkhaniyi ikundikhudzira. Namondwe wa Freddy atagwa mu Malichi 2023, napolo atatsika m'mapiri a Mulanje ndi Phalombe monga adachitira ku Phalombe mu 1991, zithunzi zimene zidapita kunja zidali za nkhope: amayi akulira, ana ali pa mzere wa phala. Chaka chotsatira, mu Malichi 2024, boma lidalengeza kuti maboma 23 mwa 28 ali pa ngozi chifukwa cha ng'amba, ndipo makamera adabweranso kudzafuna nkhope. Sindikunyoza atolankhani, zithunzi zotere zimabweretsa thandizo. Koma munthu wanjala amene wajambulidwa nkhope amalipira ndi ulemu wake, ndipo chithunzicho chimakhala pa Facebook mpaka kalekale iye atachira. Mphika wodzaza matope pamene padali khitchini, mthiko uli pambali, ungathe kunena zomwezo popanda kuvula munthu aliyense. Mkoko wa nthochi nawonso uli ndi nkhani yake kuno, popeza matenda a chisaka adatha minda yambiri ku Thyolo ndi Mulanje, mpaka nthochi zina za m'misika yathu zimachokera ku Mozambique ndi Tanzania.

Chakudya chimene chingayese wojambula wa kuno kuposa china chilichonse ndi kalongonda. Maonekedwe ake ngosavuta, nyemba zikuluzikulu m'mbale. Koma kalongonda sadyedwa mwachibwana. Amafuna kuwiritsidwa maola ambirimbiri, madzi akutayidwa ndi kuthiridwa ena, apo ayi amazunguza mutu ndipo angathe kuvulaza munthu. Mu Okutobala, pa mwambo wa Mulhako wa Alhomwe ku Chonde, mbale ya kalongonda ndi chinthu chonyadira, anthu ovala bwino ochokera ku Blantyre ndi ku Lilongwe amaima pa mzere kuti alawe za makolo awo. Mu Febuluwale, kumudzi kumene nkhokwe idatha kale, mbale yomweyo ndi chakudya cha tsiku lonse cha banja, ndipo mayi amene waphika wagona mochedwa akusonkhezera moto. Nyemba n'zomwezo, mbale n'njomweyo. Wojambula ayenera kusankha kuti kuwala kuchokere kuti, kaya ndi dzuwa la masana a chikondwerero kapena koloboyi wa usiku. Ayenera kusankha ngati pambali pakhale chikho cha thobwa ndi mbale zina zodzaza, kapena mulu wa phulusa la nkhuni zonse zimene zapita pophika. Ayeneranso kusankha kuti pa mkekapo pakhale masupuni angati.